Masabata Asanu a Tabita

Tsiku limene Tabita anayamba sikelo ku kiliniki ya esiteti, mu Okutobala 2003, a Sisita Maureen anamufunsa funso limene amafunsa mayi aliyense woyembekezera: anasamba komaliza liti. Tabita anayang'ana kalendala ya pakhoma, natchula sabata ya ukwati wake, pa 6 Julayi. A Sisita analemba m'kabuku kachikasu akumwetulira, pakuti pa ukwatiwo iwonso analipo. Ankapemphera mu mpingo womwewo wa pa esiteti, ndipo ndiwo anamukonza velo m'mawa wa tsikulo.

"Simunataye nthawi ayi," anatero. "Ambuye adalitse."

Tsiku loona linali pa 1 Juni, masabata asanu m'mbuyo mwake. Ankalidziwa anthu awiri okha, Tabita ndi mwamuna wake Josiah.

Mu mpingo mwawo amayi ankawerenga miyezi. Sankachita izi mwankhanza, ankangowerenga monga amawerengera masiku a nkhuku yokhalira mazira. Mwana akabadwa miyezi isanakwane kuchokera pa ukwati, banjalo linkaitanidwa kwa akulu a mpingo, ndipo mayina ankatchulidwa pamaso pa anthu onse. Josiah ankagwira ntchito ku fakitale, kumene amafotetsa masamba a tiyi, koma anthu ankamudziwa ngati woimbitsa kwaya. Bambo ake a Tabita, a Isaiah, anali mkulu wa mpingo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Awiriwa anaganiza kuti masabata asanu si kanthu. Mwana woyamba amachedwa, ndipo akafulumira anthu amati wafulumira. Anapempha chikhululukiro kwa Mulungu atagwada m'chipinda chawo, nkhaniyo naisiya pomwepo.

Mimba itakula, kapitawo anamuchotsa Tabita pa mzere wothyola tiyi namutumiza ku nazale, kumene ntchito yake inali kuthira dothi m'machubu a mbande ali chikhalire. Kumayambiriro kwa Febuluwale a Sisita anamuyeza ndi tepi, namupapasa nthawi yaitali. Sanakonde mmene mwana ankamvekera m'manja mwawo. Lolemba lake anakwera naye ambulansi ya esiteti kupita ku chipatala cha mishoni ku Makwasa, kumene kunali makina ounikira m'mimba.

Adokotala anali mayi wochokera kunja, wodziwa Chichewa cha moni chokha, choncho mawu aliwonse ankadutsa pakamwa pa a Sisita. Anapaka mafuta ozizira pamimba pa Tabita. Pa galasi la makinawo panaoneka zotuwatuwa, ngati chiperoni chikakuta minda. Adokotala anasuntha dzanja pang'onopang'ono nthawi yaitali. Kenako anayankhula motsitsa, a Sisita akugwedeza mutu.

"Tabita, akuti mwana ali moyo, mtima ukugunda bwino," anatero a Sisita. "Koma pamimba pake, pambali pa mchombo, pali kabowo kamene sikanatsekeke. Matumbo atulukira pamenepo. Akuyandama m'madzi."

Tabita anawamva mawuwo monga munthu amamvera wailesi ya nyumba yoyandikana.

"Mwamva?"

"Ndamva, a Sisita."

"Mwana wotere sabadwira kunyumba, kapena ku kiliniki kwathu, ngakhale pano. Akabadwire ku Blantyre, ku chipatala chachikulu, kumene kuli madokotala ochita opaleshoni ana, kuti akangotuluka amulandire. Ndipo sitidikira kuti matenda ayambe okha. Tsiku lisankhidwa."

Adokotala anaonjeza zina, akuloza ndi zala ziwiri zoyandikana.

"Akuti nthawi yoyenera kumutulutsa ndi yopapatiza. Akamutulutsa msanga, mapapo amakhala anthete, sangapirire opaleshoni. Akachedwa, madzi aja amawononga matumbo, amatupa, kabowo n'kumawafinya. Ena amangozima m'mimba masabata otsiriza. Iwo amatsata masabata 37." Apa a Sisita anaika mawu awoawo. "Inu mumagwira ku nazale. Mukudziwa kuti mbande ikachoka pamthunzi msanga imapsa, ikakhalitsa m'chubu mizu imapotana."

Adokotala anatsegula kabuku kachikasu, nayang'ananso pa galasi, nakwinya nkhope. Anafunsa funso lalitali.

"Akuti mutu wa mwana ukuoneka wamkulu kuposa masabata 30 amene kabuku kakunena. Koma kamimba kake ndi kakang'ono chifukwa cha vutoli, ndipo mochedwa chonchi makina amaphonya ndi masabata atatu kapena kuposa. Ndiye akudalira tsiku limene munatchula. Akufunsa kuti, tsikuli mulibe nalo chikaiko?"

A Sisita anali atamugwira dzanja. Linali dzanja lofunda, lonunkhira sopo wa kuchipatala. Tabita anayang'ana kudenga, kumene buluzi anali ataima osasuntha.

"Ndi lomwelo," anatero.

Adokotala anazunguza kachikatoni kozungulira kokhala ndi miyezi, nalemba ndi zilembo zikuluzikulu pa tsamba lotsiriza: 22 Malichi.

Josiah anaweruka dzuwa litapendeka, zovala zikununkha masamba ofota. Anamupeza mkazi wake atakhala pa mpasa, kabuku kali pamwendo. Tabita anafotokoza zonse mwa dongosolo, monga akupereka lipoti la Sukulu ya Sabata. Josiah anakhala pansi nsapato asanavule.

"Matumbo kunja?"

"Eya."

"Mwana angakhale moyo choncho?"

"Akuti ena amakhala, akabadwa tsiku lake. Tatengani kalendalayo, a Josiah. Ikani chala pa 22 Malichi. Bwererani m'mbuyo masabata asanu."

Chala chinakwera mizere isanu, n'kuwoloka tsamba. Chinaima pa 16 Febuluwale.

"Masabata awiri kuchokera lero," anatero Tabita.

Josiah anaiyang'ana kalendalayo ngati ingasinthe. Kunja thalakitala inadutsa ndi matumba a masamba a madzulo.

"Madokotala amaonjeza zinthu," anatero potsiriza. "Nanga amayi athu ankabereka ndi kalendala?"

"Ana a amayi athu matumbo anali mkati."

Josiah anawerama. Anavula nsapato imodzi, naigwira m'manja.

"Ndipita ine. Ndine mwamuna, cholakwa ndi changa. Ndikawauza a Sisita."

Anapitadi Lachitatu, nabwerako ndi Panado. Anati a Sisita anali ndi anthu ambiri. Anapitanso Lolemba lotsatira, koma pa benchi ya kiliniki anapezapo amayi awiri a m'kwaya, amene anayamba kumufunsa za nyimbo ya pa Sabata, ndipo anakambirana nawo za nyimboyo mpaka belu la fakitale linalira. Tabita sanamudzudzule. Iye mwini ankadutsa pa kilinikipo kawiri pa tsiku.

Ankapemphera m'mawa uliwonse asanapite ku ntchito. Josiah ankapemphera nthawi yaitali, ndi mawu okoma, kupempha kuti dzanja limene limaumba munthu mobisika litseke kabowo kaja, pakuti palibe chimene chimamulaka Mulungu. Za tsiku sankatchula, ngati kuti kumwambanso amawerenga kabuku kachikasu. Tabita ankati amen.

Mpingo unamva za vuto la mwanayo, ndipo unachita zimene mpingo umachita. Amayi anabwera ndi nthochi za ku Masambanjati, wina anabweretsa shawelo yoluka yekha. Pa Sabata a Isaiah anaitana mwana wawo kutsogolo, namuika dzanja pamutu.

"Atate, mwana uyu munandipatsa ndinu," anapemphera. "Anayenda m'njira yoongoka kuyambira ubwana wake. Musamusiye tsopano. Tasunga tsiku la 22 Malichi m'manja mwanu."

Anthu anavomera. Dzanjalo linali lolemera, lokhakhala ndi ntchito, ndipo Tabita analimva pamutu pake mpaka madzulo.

Pa 16 Febuluwale kunagwa mvula kuyambira m'mawa. Ku nazale amayi anakhala pansi pa shedi ya udzu, dothi lofiira lili pakati. Alesi ndi Teleza, amene ankagwira naye ntchito, anali anthu osakhala chete.

"Iwe Tabita, mimbatu yatsika iyi," anatero Alesi. "Malichi wake uti ameneyu? Wa chaka chatha?"

"Musiyeni mwana wa abusa," anatero Teleza.

"Si abusa, ndi akulu a mpingo."

"N'chimodzimodzi, onse sadya nkhumba. Koma ine sindikudabwa. Paja a Josiah poimbitsa nyimbo amayamba anthu asanatsegule mabuku."

Anaseka mpaka Alesi anagwetsa chubu. Tabita nayenso anaseka, ndi pakamwa pokha. Kenako Alesi anakumbukira za vuto la mwanayo, nachita manyazi, namupatsa theka la chinangwa chake.

"Usatimvere ife, mwana wa amayi. Pakamwa pathu pamayabwa ndi mvulayi."

Tsikulo linatha monga masiku ena. Palibe chinachitika. Mwana anasewera monga mwa masiku onse, makamaka belu la masana litalira. Tabita anaganiza kuti mwina a Josiah ananena zoona. Anadzaza machubu mazana anayi.

Sabata ina inadutsa. Sankaopanso, ndipo sankayembekezanso kanthu. Ankadzuka, kutunga madzi pa mpope, kuphika, kupita ku nazale. Zakudya zinalibe kukoma, koma ankadya. Nyimbo zimene ankazikonda kuyambira ali mwana ankaziimba mawu onse osaphonya, ndipo zinkadutsa mwa iye ngati madzi m'dengu. Nthawi zina ankaona dzanja lake likusindikiza dothi m'chubu n'kumadabwa kuti ndi la ndani.

Lachinayi la pa 26 belu la masana linalira, mwana osasewera. Anasewera mochedwa, pang'ono, ngati munthu wogogoda pakhomo pamene akudziwa kuti palibe anthu. Tabita anayamba kuwerenga machubu pakati pa kugunda kumodzi ndi kwina. Poyamba anali makumi anayi. Lachisanu anafika zana ndi makumi awiri. Anamuuza Josiah pamene ankasita malaya a pa Sabata.

"Mwina watopa," anatero Josiah, osakweza maso. "Sabata ikatha tipita."

Abusa awo ankayendera mipingo khumi ndi umodzi, choncho Mgonero unkachitika tsiku limene afika. Anafika pa Sabata ya pa 28. Ulaliki utatha, mpingo unagawikana monga mwa mwambo, kuti asambitsane mapazi asanayandikire gome. Abambo anapita mbali ya kum'mawa kwa tchalitchi, amayi kuseri, pansi pa mtengo wa mapeyala, kumene adikonesi anali atandandalika mabenchi, mabeseni ndi mathaulo. Aliyense anafunafuna mnzake. Tabita anaima pambali, manja atagwira m'chiuno.

"Bwerani kuno," anatero a Sisita Maureen. Anali atavala diresi la buluu, opanda yunifolomu, ndipo ankaoneka aang'ono. "Ndikusambitsani ine, ndiwaonenso mapazi otupawa. Ntchito ziwiri beseni limodzi."

Anagwada, namuvula nsapato. Anathira madzi pa phazi lililonse, nadina ndi chala pa kakolo monga amachitira ku kiliniki. Amayi ena anali atayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya mtanda. A Sisita anamupukuta bwinobwino, mpaka pakati pa zala.

"Basi, inu musagwade. Ambuye akuona mimbayo. Andisambitsa mayi Dora."

"Ndigwada," anatero Tabita.

Anagwira benchi natsika pang'onopang'ono, bondo limodzi kenako linalo. A Sisita anaika mapazi m'beseni. Anali mapazi a munthu woima tsiku lonse, zidendene zong'aluka, chala chimodzi chopindika. Tabita anatunga madzi ndi manja awiri nathira. Anathiranso. Sanakonzekere kunena kanthu. Mawuwo anangotuluka, akuyang'ana m'madzi.

"A Sisita, si Julayi."

"Mwati?"

"Tsiku lija. Si pa 6 Julayi. Ndi pa 1 Juni."

Mapazi aja anaima osasuntha. Tabita sanakweze mutu, koma anaona zala za a Sisita pa bondo zikupindika chimodzichimodzi. Nyimbo inalowa ndime yachiwiri.

"Mawa mukwanitsa masabata 39," anatero a Sisita motsitsa. "Akusewera?"

"Kuyambira Lachinayi pang'ono. Lero kamodzi, ndikutunga madzi."

A Sisita anatulutsa mapazi m'beseni nawalowetsa m'nsapato ali onyowa. Anamugwira m'khwapa namudzutsa. Sanamufunse chifukwa. Anamukhazika pa benchi, namuveka nsapato.

"Kabuku kali kuti?"

"Kunyumba."

"Tikatenga podutsa. Khalani pomwepo."

Anazungulira tchalitchi kupita mbali ya abambo, kumene mkazi sapita nthawi imeneyo. Anabwerako ndi Josiah, buluku atalipinda mpaka m'mawondo. M'mbuyo mwawo munali a Isaiah, thaulo lili paphewa.

"Kwagwanji?" anafunsa a Isaiah. "Matenda ayamba? Paja ndi Malichi."

A Sisita anatembenuka. Anayang'ana Josiah. Amayi anali atasiya kuimba mmodzimmodzi.

"Bambo, si Malichi," anatero Josiah. "Tsiku lake linali pa 16 mwezi uno. Tinatchula tsiku lolakwika ku sikelo. Ine ndi amene..."

Sanamalize. A Isaiah anayang'ana mpongozi wawo, kenako mwana wawo. Anali munthu wodziwa kuwerenga. Anachotsa thaulo paphewa nalipinda kanayi, mosamala, ngati ndi ntchito yofunika.

"Masiku khumi ndi awiri," anatero.

"Inde, bambo."

"Ndiye mukuimiranji? Pitani nayeni."

Anavula jekete lawo namufunditsa Tabita, ngakhale kunali kotentha. Kenako anabwerera, pakuti mkate unali usananyemedwe ndipo iwo ndi amene ankathandiza abusa pa gome.

Ambulansi ya esiteti inapezeka pa geti la fakitale. A Sisita anati sapita ku Makwasa, kalata ya adokotala ili kale m'kabuku, apite molunjika. Anadutsa minda ya tiyi yobiriwira mbali zonse, othyola a mipingo ina ali m'mizere ndi madengu kumsana. Anadutsa pa boma, kenako Bvumbwe, kumene amayi ogulitsa tomato anathamangira galimoto mpaka ataona kuti ndi ya odwala. A Sisita ankaika kachitsulo komvera pamimba pa Tabita galimoto ikachepetsa liwiro.

"Alipo?" ankafunsa Josiah.

"Alipo."

Tabita ankayang'ana mitengo ya magetsi. Anaganiza za beseni lija, kuti analisiya ndi madzi ndipo wina adzalitaya.

Ku chipatala chachikulu anamwino anamvera mtima wa mwana, nayang'anana. A Sisita anatenga cholembera nakhwacha tsiku la m'kabuku pamaso pa anamwino, nalemba lenileni. Palibe amene anafunsa chifukwa chake linasintha. Tabita anamulowetsa ku opaleshoni dzuwa lisanalowe.

Anali mwana wamkazi. Tabita anamuona Lamulungu masana, atamukankha pa njinga ya odwala kupita ku chipinda cha makanda. Anali ndi tsitsi lambiri, ndi mphuno ya a Josiah. Kuyambira pachifuwa kukwera m'mwamba anali mwana ngati ana onse. Pamimba pake panali thumba la pulasitiki lomangiriridwa ku chitsulo pamwamba, ndipo mkati mwake munali matumbo otupa, ofiirira mpaka kuda. Mphuno munali kapaipi. Anamwino anati angathe kumugwira phazi. Tabita anagwira. Linali lofunda, lalitali ngati chala chake chachikulu.

"Timutchule dzina," anatero Josiah ali kumbuyo kwake.

"Mchombo sunagwe."

"Ngakhale. Asamangolemba kuti mwana wa Tabita."

Anamutcha Tamando. Josiah anawerama pa kabedi kagalasi nayamba kuimba motsitsa kwambiri, koma pa mzere wachiwiri mawu anamukanika, nangopitiriza ndi mphuno. Tabita anadikira kuti nayenso chinachake chimugwire pakhosi. Sichinabwere. Anaona kuti kabediko kanali ndi mng'alu pakona, womatidwa ndi pulasitala.

Tamando anakhala moyo masiku atatu. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, nthawi ya phala.

Dokotala amene anabwera kudzamuuza anali Mmalawi, wamaso ofiira ndi kutopa. Anakhala m'mphepete mwa bedi. Atamaliza, Tabita anamufunsa.

"Adokotala, ndikanabwera pa 16, akanakhala moyo?"

Dokotalayo anapukuta magalasi ake ndi malaya.

"Mayi, matumbo tinawapeza atawonongeka kwambiri. Mbali yaikulu inali itafa kale. Masabata awiri m'mbuyomo mwina akanakhala abwinoko. Koma ndisakunamizeni. Ana otere, ngakhale obwera pa tsiku lake, ambiri amatichoka m'manja. Amafunika kudyetsedwa kudzera m'mitsempha kwa nthawi yaitali, ndipo zimenezo n'zovuta kuno."

"Ndiye akanakhala moyo kapena ayi?"

"Sindikudziwa, mayi."

Tabita anagwedeza mutu. Anali atakonzeka kunyamula yankho lililonse, inde kapena ayi. Anathokoza dokotalayo. Phala lake linali litazizira, koma anamwa, chifukwa anamwino anati amwe asanalandire mankhwala.

Chifukwa cha bala sanathe kutuluka. Josiah ananyamula mwanayo m'shawelo ija, nabwerera naye ku esiteti. Khanda lotere amaika ndi amayi okha, mwakachetechete, m'manda osaya, ndipo anthu salira mokweza. Josiah anaperekeza mpaka pamene njira imapatuka, naima pomwepo. Amayi a mpingo anapitirira ndi khasu limodzi. Abusa anali atapita kale ku mpingo wina, choncho a Isaiah anapemphera pakhomo, mwachidule, za m'mawa umene manda aang'ono ndi aakulu adzatseguka. Zonsezi Tabita anachita kumva.

Anatuluka Lachisanu. M'nyumba munali mosesedwa, ndipo wina anali atachotsa matewera amene anawakonza. Alesi ndi Teleza anabwera ndi nkhuni, nakhala pakhonde ola lathunthu osanena nthabwala ngakhale imodzi.

Thupi lake silinamve kuti mwana kulibe. Mkaka unabwera wochuluka. Mabere anauma ngati miyala, akutentha, ndipo bulauzi inkanyowa akangomva mwana wa nyumba yoyandikana akulira. Lamulungu masana a Sisita anabwera ndi chitenje chakale ndi mapini.

"Musafinye, mukafinya ubwera wina. Timanga. Kwezani manja."

Tabita anakweza. A Sisita anazunguliza chitenjecho pachifuwa, nakoka mwamphamvu. Ali mkati momanga, Josiah analowa. Anali atavala tayi. Ankachokera ku msonkhano wa akulu a mpingo, kumene anapita yekha asanamuitane. Anaima pakhomo la chipinda, nayang'ana kumbali.

"Atha kukambirana," anatero.

"Ati chiyani?"

"Miyezi isanu ndi umodzi ya chilango, tonse awiri. Sitidya Mgonero, sititenga mbali kutsogolo. Kwaya aimbitsa a Edson. Abusa akadzabwera adzatsimikiza." Anakhudza tayi. "Bambo anatuluka pokambirana, anati sangaweruze nkhani ya m'nyumba mwawo. Ndinawapeza panja atakhala pa mwala. Akuti abwera madzulo ndi mayi."

Tabita anadikira zina.

"Basi?"

"Basi."

Tabita anachiyang'ana chinthu chimene anachiopa miyezi isanu ndi itatu. Miyezi isanu ndi umodzi pa benchi ya kumbuyo. Pofika Seputembala chidzakhala chitatha, jakaranda asanachite maluwa. Anayesa kuchiika pambali pa phazi lija lofunda, koma mutu wake unakana kugwira ziwirizo nthawi imodzi.

Josiah anamasula tayi natuluka. Tabita anamumva akuwaza nkhuni kuseri, nkhuni zimene zinali zowaza kale.

"Pumani mpweya, mutulutse," anatero a Sisita. Anakokanso, nabaya pini. "Ndinaliona tepi silikugwirizana ndi kabuku, Tabita. Kuyambira Disembala. Ndikanakufunsani tili awiri, chitseko chotseka. Ndinaopa kukuchititsani manyazi."

"Ndikanakana."

"Mwina." Anabaya pini yachiwiri. "Kwathina?"

"Sindikumva."

"Mumva madzulo. Musamasule mpaka mawa, ngakhale kupweteke. Masiku anayi kapena asanu uuma."

Anakhala pa bedi pambali pake. Kunja nkhwangwa inkagunda, kupuma, kugundanso. A Sisita anamugwira dzanja.

"Tipemphere?"

"Pempherani inu, a Sisita. Ine ndilibe mawu."

"Palibe kanthu. Iye amamvanso amene alibe mawu."

A Sisita anatseka maso nayamba. Tabita sanatseke ake. Pa chitenjepo, mbali ya kumanzere, panayamba kuoneka kadontho konyowa, ndipo anakhala akukayang'ana kakukula.